Amene mukumubisa mphunzitsi ndi moyo wa mwana

Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 7, ndipo ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba. Sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, akuluakulu pakhomo adamanga mfundo imodzi: "Kusukuluko asadziwe, angamamuloze chala." Ine ndidakana, ndipo ndikukanabe. Yunifomu mwagula, nsapato mwapolisha, koma aphunzitsi mwawasiya mumdima, ndiye mukuti mwana mwamukonzekeretsa? Ayi ndithu.

Timvetsetsane kaye. Shuga wa mtunduwu sabwera chifukwa cha maswiti, komanso si ufiti. Kapamba wasiya kupanga insulini, basi, n'chifukwa chake mwana amabayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku. Akabayidwa m'mawa n'kuchedwa kudya, kapena kuthamanga kwambiri pabwalo, shuga amatsika. Kamakina koyezera kakaonetsa pansi pa 3.9, mwana amanjenjemera, thukuta kamukamu, zolankhula osamveka. Thandizo lake n'losavuta: timasipuni titatu ta shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta, n'kumuyezanso pakatha mphindi 15. Akakomoka osamumwetsa kanthu. Mugonekeni cham'mbali, muthamange naye kuchipatala.

Tsono taganizani mphunzitsi amene sanauzidwe, m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Akuona mwana akudya switi, amulanda. Mwana akupempha kupita kuchimbudzi kachitatu, akuti ndi ulesi. Mwana wangoti maso tong'o osayankha, akuti ndi mwano, kapena ayitane anzake ayambe kutulutsa ziwanda. Wolakwa ndani pamenepa? Ndife, amene tidasankha kuteteza mbiri ya banja m'malo mwa mwana.

Ena amati, "Nanga anzake akamamuseka?" Zoona, ana amaseka. Koma kusekedwa kumatha, ndipo mnzake wa pa desiki amene akudziwa zizindikiro ndiye adzathamangire kukaitana aphunzitsi. Wosadziwa adzangoonerera.

Nanunso ahedi amene mumati "pano si pachipatala", sitikupempha wodi. Tikupempha zinthu zitatu: mwana adye nthawi imene thupi lafuna, atuluke akapempha, ndipo nambala ya foni ya mayi ake ikhale m'foni mwa aphunzitsi ake. Zimenezi zikufuna bajeti yanji?

Mu Januwale 1922 ku Toronto, mnyamata wina, Leonard Thompson, adakhala woyamba kulandira insulini, ndipo adakhala ndi moyo. Papita zaka zoposa 100, ndiye ife titaye mwana chifukwa cha manyazi?

Tsiku lotsegulira ndidapita naye ndekha. M'chikwama munali kamakina kake, maswiti, chakudya cha pa buleki ndi pepala la zizindikiro lolembedwa m'Chichewa. Aphunzitsi adawerenga kawiri, n'kufunsa: "Ndiye Fantayo ndizisunga ine kapena iyeyo?" Achemwali sanandilankhule masiku atatu. Palibe kanthu. Mwana akuweruka wamoyo.