Nsapato za mawilo: makolo asangogula, abvale nao

Pa Loweruka lina m'mawa, pa bwalo la simenti la sukulu ya m'komboni, atate ena anagwira mpanda ndi manja onse awiri, miyendo ikunjenjemera. Kumapazi anabvala nsapato za mawilo anai ondondozana, zija zochedwa rollerblade. Mwana wao wamkazi anali kuwalangiza: "Atate, pindani maondo, musayang'ane pansi." Amai anali pambali, akumanga zingwe za nsapato zao.

Odutsa anaseka, koma banja ili ndilo likucita bwino. Makolo ambiri akapeza nsapato izi pa salaula amangogula, kupatsa mwana, basi yatha. Mwanayo amakaphunzira yekha mu mseu, pakati pa njinga ndi mamotoka.

Nsapato izi zinachuka ku America m'zaka za m'ma 1980, pamene Scott Olson ndi mbale wace Brennan a ku Minnesota anayamba kuzipangira osewera hockey. Pamene zinafalikira, zipatala zinayamba kulandira obvulala. Kufufuza kumene kunafalitsidwa kumeneko mu 1996 kunapeza kuti mwa obvulala atatu alionse, pafupifupi mmodzi anabvulala pa mfundo ya dzanja, ndipo amene sanabvale zochinjiriza manja ndiwo anabvulala koposa.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Munthu akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo thupi lonse limatsamira pa fupa la mkono pafupi ndi cikhatho. Kwa munthu wamkulu, fupa ili likathyoka ndiye kuti pulasitala ya P.O.P. kwa milungu pafupifupi 6. Amai ogulitsa pa msika kapena atate a njinga ya hayala adzadya ciani masiku onsewo? Motero banja liyenera kuyamba lapeza zochinjiriza manja, maondo ndi zigongono, ndiponso cisoti colimba conga ca pa njinga. Ngati ndalama ikwanira nsapato zokha, nsapatozo ziyembekeze m'bokosi.

Kholo limene labvalapo nsapato izi limadziwa zimene woonerera sadziwa. Limadziwa kuti tsiku loyamba ndi la pa udzu, pomwe mawilo sathamanga, ndi kuti kuima kumaphunziridwa liwiro lisanayambe. Buleki imakhala ku cidendene ca nsapato imodzi, kawirikawiri ya kumanja, ndipo pa za salaula imapezeka itatha kale kapena palibiretu. Kugwa nako kuli ndi njira yace: kugwera kutsogolo pa maondo ochinjirizidwa. Kugwa cagada ndiko kumenyetsa nkhongo pa simenti.

Phindu liripo. Bungwe la WHO limalangiza kuti mwana azisewera molimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo wamkulu mphindi zosacepera 150 pa mlungu, cimene cimathandiza pa B.P. ndi matenda a shuga. Koma amai amene analeka kusamba kumwezi ali ndi mafupa osacedwa kuthyoka, ndipo amai oyembekezera asabvale konse.

Wina akagwa dzanja n'kutupa, mphete ndi zibangiri zicotsedwe msanga, dzanja limangidwe pa kathabwa, apite ku cipatala. Kukoka, kutikita kapena kutema mphini kumangoonjeza bvuto. Ululu wa m'munsi mwa cala cacikulu suyenera kupeputsidwa: pamenepo pali kafupa kamene nthawi zina sikaoneka kuti kathyoka pa X-ray yoyamba, ndipo wodwala amauzidwa kubwerera pakapita masiku 10 mpaka 14. Mwana amene wamenyetsa mutu, ngati asanza, ali ndi tulo tacilendo kapena sakumbukira cimene cacitika, atengedwe nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Malo otsetsereka ndi miseu ya malole monga Great East Road si pophunzirira. Ndipo mnyamata amene wayamba kugwira kumbuyo kwa motoka kuti imukoke alandidwe nsapatozo tsiku lomwelo.