Tisaphe mbuzi pofuna kupha bemberezi

Akuluakulu adati bemberezi adziwa nyumba yake. Vuto n'lakuti nyumba imene iye amaidziwayo nthawi zambiri imakhala phaso la denga lathu kapena mtanda wa khola la mbuzi. Aliyense wokhala kwa T/A Mpama m'boma la Chiradzulu akulidziwa phokoso lake lija masana dzuwa likaswa mtengo, komanso utuchi umene umapezeka utagwa pansi pa mtengo womwe waboola.

Dandaulo la anthu ndi lomveka. Mitengo yomangira ikusowa ndipo ndi yodula. Mabanja ambiri m'bomali adachita kumanganso nyumba ndi makola pambuyo pa namondwe wa Freddy wa mu March 2023, choncho palibe amene angasekerere kuona mitanda yake ikufumbutsidwa. Koma ife tikuti mkwiyo usatichititse kuthira mankhwala khola lonse ngati tikupopera thonje. Potero tikhoza kupulumutsa mtengo umodzi n'kutaya mbuzi ndi nkhuku zimene timadalira pa fizi ya ana.

Tiyambe tamudziwa kaye mdaniyo. Bemberezi sadya mtengo ayi. Wamkazi ndiye amaboola bowo lozungulira bwino, lalikulu ngati nsonga ya chala, kenaka n'kukhota kutsata utali wa mtengowo. M'katimo amagawa tizipinda, n'kuika mungu wa maluwa ndi dzira m'kachipinda kalikonse. Amakonda mtengo wouma wosapakidwa kanthu, monga paini, nsungwi ndi mlongoti wa khonje. Ana akakula amatha kubwerera m'bowo lomwelo n'kulitalikitsa, n'chifukwa chake mtengo wosasamalidwa umafooka chaka ndi chaka. Wamwamuna, yemwe amakonda kuzungulira pamaso pa anthu ngati wolusa, alibe mbola. Wamkazi amaluma pokhapokha mwamugwira kapena mwamuputa.

Izi zikutiuza chinthu chimodzi: bemberezi ndi ana ake ali m'bowo. Sali pansi pa khola, sali m'chomwera nkhuku, sali pa msipu. Mankhwala alionse ogwera kunja kwa bowolo ndi ndalama yotayika komanso chiphe chodikira chiweto.

Chiradzulu ndi boma laling'ono koma la anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350 000. Malo ndi ochepa, moti khola, khitchini ndi nkhokwe zimakhala moyandikana. Nkhuku imatola chilichonse chogwa pansi, kuphatikizapo bemberezi wofa ndi mankhwala. Mbuzi nayo imanyambita ndi kutafuna mitengo ya khola lake. Ngakhale nkhuku za Mikolongwe, zomwe dzina lake lidachokera ku malo a boma oswetsera ziweto m'boma lomwelino, sizidziwa kusiyanitsa kambewu ka chakudya ndi kambulu ka poizoni.

N'chifukwa chake tikudzudzula mchitidwe wogula mankhwala a m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina pamsika. Tameki, yemwe ena amamugula kuti aphere makoswe, ndi poizoni woopsa zedi ndipo sayenera kuyandikira khola ngakhale pang'ono. Mankhwala a chlorpyrifos, omwe alimi ambiri amawadziwa ndi dzina loti Dursban, ndi oopsa kwa mbalame, ndipo maiko a m'bungwe la European Union adawaletsa mu 2020. Actellic naye ntchito yake ndi yoteteza chimanga kwa anankafumbwe, osati kuwaza m'khola. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe, ndilo limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Wogulitsa wopanda chiphaso sadzakubwezerani mbuzi yanu ikafa.

Komanso tisaiwale kuti bemberezi ndi mnzake wa mlimi. Pamene akutola mungu amathandiza maluwa a nandolo, khobwe, nyemba ndi tomato kuti abereke bwino. Nandolo ndi ndiwo komanso ndalama kwa anthu a ku Chiradzulu, ndipo mu 2021 Malawi adagwirizana ndi dziko la India zogulitsako matani 50 000 a mbewuyi pachaka kwa zaka zisanu. Kupha abemberezi onse m'mudzi ndi kudzichepetsera zokolola. Nkhondo yathu ikhale ndi okhawo amene alowa m'mitengo ya nyumba ndi khola.

Njira yoyamba siifuna mankhwala. Madzulo, pisani waya m'bowo kuti muphwanye tizipinda tija, kenaka khomeranimo kamtengo kosema bwino. Mtengo umene wafumbwa kwambiri uchotseni. Mitengo yatsopano ipakeni penti musanamangire, chifukwa bemberezi sakonda mtengo wopakidwa. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ena amapaka, asafike pamene mbuzi inganyambite. Chipika chouma chosiyidwa kumalire a munda, kutali ndi nyumba, chimawapatsa pokhala pena.

Zikakanika, ndiye pabwere mankhwala, koma mwadongosolo. Safunsa adadya phula: yambani mwaonana ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto wa m'dera lanu kuti akuuzeni mankhwala oyenera, ndipo mukagule kusitolo yovomerezeka, ali m'botolo lake lotseka lokhala ndi malangizo. Botolo la mzere wofiira ndi la mankhwala oopsa kwambiri, lisiyeni.

Tsiku lothira, tulutsani ziweto zonse, ndipo chotsani zodyera, zomwera ndi mazira. Yalani pepala la pulasitiki pansi pa mtengowo. Ntchitoyi igwiridwe madzulo abemberezi atalowa, kopanda mphepo, ana ali kutali. Valani zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, ndipo thirani pang'ono m'bowo mokhamo, motsatira muyeso wolembedwa pabotolo. Bowolo likhale lotsegula kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka mulitseke. M'masiku amenewa ziweto zigone pena. Sesani abemberezi onse akufa n'kuwakwirira mozama nkhuku zisanabwerere. Ngati bowo lili pamtengo womwe mbuzi imaufikira ndi pakamwa, musathire kanthu, ingosinthani mtengowo.

Mukamaliza, sambani ndi sopo ndi kuchapa zovalazo pazokha. Botolo lotha litsukuluzeni katatu n'kuliboola kuti wina asasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira. Musatsukire zipangizo kumtsinje kapena pamjigo, pakuti mankhwala ngati cypermethrin amapha nsomba ndi njuchi.

Mbuzi ikayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kutsegula m'mimba kapena kubanika pambuyo pothira mankhwala, itanani mlangizi wa ziweto msanga ndipo mumuonetse botololo. Akakhala munthu, thamangirani naye kuchipatala botolo lili m'manja. Musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka.

Pali mfundo ina imene ikukhudza ngakhale inu a m'tauni amene mulibe khola. Chiweto chofa ndi poizoni sichidyedwa ndipo sichigulitsidwa. Tikudziwa kuti kutaya mbuzi n'kowawa, ndipo mtima umafuna kuti pabwereko kangachepe. Koma nyama imeneyo ikafika pachiwaya kapena pamalo ootchera kanyenya, odya ake ndi ana athu omwe. Ikwirireni m'dzenje lakuya pomwe agalu sangafukule. Nanunso ogula, muzifunsa komwe nyama yotchipa modabwitsa yachokera.

Pomaliza, tikupempha alangizi kuti nkhani ya kasamalidwe ka mankhwala aziikamba m'misonkhano ya alimi monga momwe amakambira za katemera wa chitopa. Mafumu ndi makomiti a misika asalekerere mavenda ogulitsa poizoni wopanda dzina pafupi ndi tomato ndi usipa. A Pesticides Control Board nawo azifika m'misika ya kumidzi, osati m'sitolo za m'mizinda mokha.

Mtanda ukathyoka, mawa mudula wina n'kusintha. Koma mbuzi ya bere ikafa, mwataya ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi. Tiyeni tiziganiza kaye tisanatsegule botolo.