Sitampa ya malume ndi mawu a Chingerezi onena za kudinda

Malume anga, amene tsopano anatisiya, anali munthu wosamala mapepala monga mlimi asamalira mbewu, ndipo tsiku lina, atapatsidwa fomu ku ofesi ina nauzidwa ndi kalaliki wothamanga pakamwa kuti abwere nayo ili ndi stamp, anatsikira ku positi, nagula sitampa, naimata ndi malovu pakona pa pepalalo, nabwerera mtima uli m'malo. Kalaliki uja anaseka mpaka kugwira nthiti, pakuti chimene ankafuna chinali chidindo cha amfumu. Akulu amati safunsa anadya phula, koma ine malume sindiwaimba mlandu, popeza liwu limene anamvalo analimva bwino. Vuto ndi lakuti liwulo linasenza mitolo yambiri pamutu umodzi.

Kalekale, Angerezi asanalote za positi, liwuli linkanena za kusinja chinthu mumtondo ndi kuponda pansi mwamphamvu ndi phazi, ndipo kuchokera pamenepo linafika pa chitsulo chodindira ndalama ndi zikalata. Lamulo la Stamp Act la 1765, limene linakwiyitsa anthu a ku America pansi pa ulamuliro wa Britain, linkafuna kuti nyuzipepala ndi zikalata za milandu zilembedwe pa mapepala odindidwa posonyeza kuti msonkho waperekedwa. Tsono pamene sitampa yoyamba yomata, yotchedwa Penny Black, inatuluka mu 1840 potsatira maganizo a Rowland Hill, ili ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria, kapepalako kanalowa ufumu wa dzina lakalelo, chifukwa nako kankachitira umboni kuti ndalama yalipidwa. Apa m'pamene malume anagwera m'mbuna.

Banja lina, lalikulu koposa, linabadwa kwa kholo limodzi la Chilatini, premere, ndiko kunena kukanikiza, ndipo ana ake ndi press, print, impress ndi imprint. Johannes Gutenberg, posindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, anagwiritsa ntchito chipangizo chofanana ndi chofinyira mphesa, chimene chinkapanikiza pepala pa zilembo zachitsulo zopakidwa inki. William Caxton anaimika china chotere ku Westminster mu 1476, ndipo m'kupita kwa zaka dzina la chipangizocho linafikira ngakhale atolankhani eni ake, kotero kuti lero mtsikana wogwira kamera pamsonkhano, amene sanaonepo chilembo chachitsulo chibadwire, amavala chikwangwani cholembedwa Press pachifuwa. Tisadabwe nazo, pakuti liwu lathu lakuti kusindikiza linayenda njira yomweyo, ndipo timalitchulabe ngakhale makina ambiri a masiku ano amangowaza inki osakanikiza kanthu.

Pali enanso awiri oyenera kuwalonjera mwachidule. Emboss ndi kutukumula chilembo kuti chala chichimve, monga timadontho ta Braille timene osaona amawerengera, ndipo muzu wake ndi liwu la Chifalansa lonena za chotupa kapena linunda. Seal ndi chizindikiro chimene mafumu akale ankadinda ndi mphete pa phula lofewa, phula lomwe lija anadya safunsa.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi impress, pakuti liwuli linachoka padzanja nilikakhala m'kati mwa munthu: Mngerezi akagoma ndi nzeru za mnzake amati wadindidwa, ngati kuti mtima wake ndi dothi la mbiya losauma. Ana athu kusukulu amaliloweza ngati liwu lapalokha lotanthauza kugometsa, osadziwa kuti ndi mbale wake wa print, ndipo akakumana ndi impression m'buku la sayansi, pamene likunena za malo amene chigoba kapena tsamba linasiya mumwala, amangoti kakasi. Kulowezaku ndiko ndikutsutsana nako. Agogo anga aakazi, amene sanapondepo m'kalasi, ankatenga chitsononkho nachigubuduza pakhosi pa mbiya yaiwisi, mizere n'kutsalira pomwepo, kenaka ankakanikiza chala chachikulu kuzungulira mlomo wake. Ndipo ndinena mosaopa kuti mwana amene waona zimenezi, kapena amene waona mapazi a mbuzi m'matope a pachitsime, wamva kale theka la mawu onsewa, changotsala n'kumuuza maina.

Chotero aphunzitsi a Chingerezi, ndikupemphani mwaulemu, tsiku lophunzitsa mawuwa bwerani ndi dongo m'kalasi, mwana aliyense adindepo chala, khobidi ndi tsamba, ndipo mawuwo muwalembe pabolodi pambuyo pake. Nanunso akalaliki, munthu wakumudzi akaima pawindo panu, muuzeni m'Chichewa ngati mukufuna chidindo kapena sitampa, pakuti ife tili ndi mawu awiri pamene Mngerezi ali ndi limodzi.