Mlandu wa Kugwiririra Sufafanizidwa ndi Mbuzi

Sabata ino tisinkhesinkhe nkhani imene ambiri timaopa kuitchula pagulu, ngakhale kuti m'manong'onong'o timaidziwa bwino.

Mphekesera ikamveka kuti wakutiwakuti wagwiririra mtsikana, kuno ku Sangilo ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja timathamangira njira ziwiri. Ena amatola miyala ndi zibonga. Ena amatseka chitseko, n'kuitana amalume a mbali zonse ziwiri, mbuzi ndi ndalama n'kuperekedwa usiku, kukacha onse n'kumati nkhani yatha. Njira zonse ziwirizi ndi zoipa, koma ine ndalimbana kwambiri ndi yachiwiriyi, chifukwa imabwera itavala nkhope ya mtendere ndi chikhululukiro, ndipo achibale a woganiziridwa amaitcha "kuteteza mwana wathu". Ndikunena mosapsatira mawu kuti kugula chete wa banja lolakwiridwa si kudziteteza pa mlandu. Malo okhawo amene munthu wonenezedwa angayeretsere dzina lake, ndiponso amene wolakwiridwa angapezere chilungamo, ndi bwalo la milandu.

Tiyambe ndi kukula kwa mlanduwu, pakuti ambiri amene amaukambirana pansi pa mtengo wa mango sadziwa chimene akusewera nacho. Malamulo a zilango a dziko lino amati munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wogwiririra angathe kukakhala kundende moyo wake wonse, ndipo chilango cha imfa chidalembedwamo, ngakhale kuti munthu womaliza kunyongedwa m'dziko muno adanyongedwa mu 1992. Kugona ndi mwana nakonso, malinga ndi gawo 138, chilango chake chachikulu ndi ndende ya moyo wonse. Kale gawoli linkateteza atsikana osakwana zaka 13 okha. Mu 2011 msinkhuwo udakwezedwa kufika 16, ndipo mu 2023 udafikitsidwa pa 18, kuti ugwirizane ndi malamulo aakulu a dziko amene kuyambira 2017 amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tsono mwamuna wamkulu amene amati "mtsikanayo adavomera yekha", kapena "ndimamugulira sopo ndi makope", adziwe kuti mawu amenewo sangamupulumutse. Msodzi wopatsa mwana wa sukulu mbale ya usipa kuti agone naye, pamaso pa lamulo alibe kusiyana ndi wom'kokera kuthengo.

Poti chilango n'chachikulu chotere, nawonso chitetezo cha woganiziridwa chiyenera kukhala chenicheni, ndipo chilipo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo atengedwe kuti ndi wosalakwa kufikira bwalo litam'peza wolakwa. Ali ndi ufulu wokhala chete, wofunsa mafunso mboni za boma, woitana mboni zake, wokhala ndi loya, ndiponso wochita apilo ngati sakukhutira ndi chigamulo. Wosauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loyimira anthu osowa ndalama pa milandu. Udindo wotsimikizira mlandu uli pa boma, osati pa iye. Amenewa ndiwo maufulu amene gulu lonyamula miyala limapondereza. Koma taonani, abale anga, kuti msonkhano wa usiku uja nawonso umawapondereza chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti mnyamatayo ndi wosalakwa, amunamizira chifukwa cha nsanje kapena mkangano wa malo, pakuti zotere zimachitika. Makolo ake akapereka mbuzi, mudzi wonse umamva kuti wavomera. Palibe amene adafunsa mboni, palibe amene adayang'ana lipoti la chipatala, palibe amene adafufuza kumene iye anali tsikulo. Wagula manyazi a moyo wake wonse ndi chuma cha makolo ake omwe. Tiyerekezenso kuti ndi wolakwa. Pamenepo waphunzira mtengo wa mwana wa munthu, ndipo akadziwa kuti angaukwanitse adzabwerezanso. Mtsikana uja amadutsana naye tsiku ndi tsiku pa mjigo, akuona ndalama za misozi yake zikugula malata. Kuwonjezera apo, mgwirizano wotere sumanga boma manja. Milandu imeneyi si ya pabwalo la mfumu, ndipo kulandira katundu kuti ubise mlandu waukulu ndi mlandu pawokha. Akuluakulu adati mlandu suwola: tsiku lina mimba idzaonekera, kapena mphunzitsi adzafunsa, ndipo amene adakhala pa mphasa usiku uja adzayankha nawo.

Nkhani ya Eric Aniva wa ku Nsanje itiphunzitse. Mu July 2016 bamboyu adauza wailesi ya BBC kuti ankalipidwa ngati fisi, kuti adagona ndi amayi ndi atsikana oposa 100 pa miyambo, ndiponso kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Dziko lonse lapansi lidakwiya, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Peter Mutharika, adalamula kuti amangidwe. Komabe munthu amene aliyense anali atam'weruza kale mumtima adaimirira m'khothi ali ndi loya wake, ndipo mboni zidafunsidwa mafunso. Mu November chaka chomwecho adapezeka wolakwa pansi pa lamulo la 2013 loletsa miyambo yoipa, nagamulidwa kukagwira ukaidi wa kalavula gaga kwa miyezi 24. Mabungwe a amayi adadandaula kuti chilangocho chidachepa, ndipo m'pomveka. Koma chidachepa bwanji? Mlandu udatsamira pa nkhani ya amayi amasiye, ya mwambo wa kulowa kufa, chifukwa palibe mtsikana amene adabwera kudzaperekera umboni za kugona ndi ana. Khothi silingalange munthu pa zimene mudzi wasankha kubisa. Amene amati makhothi ndi ofewa ayambe adzifunsa kuti ndi mboni zingati zimene iwo eni adazitseka pakamwa.

Wina anena kuti: nanga apolisiwo n'ngokhulupirika? Ulendo wa ku Karonga umadya ndalama, milandu imachedwa, ndipo mtsikana amachita manyazi kufotokoza zotere pamaso pa anthu achilendo. Madandaulo amenewa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Mu October 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika m'boma la Lilongwe adadandaula kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza ndi apolisi enieniwo. Koma amayi 18 mwa iwo sadatole miyala, ndipo sadalandire mbuzi. Mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi adapita ku khothi lalikulu, ndipo mu August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti boma liwapepese ndi ndalama. Ngati amayi akumudzi adatha kuimika apolisi pamaso pa lamulo, ife tilibe chifukwa chonenera kuti njira yake ndi yotsekeka. Njira ikakhala ya minga timailambula, sitibwerera kukagona.

Ife amene timawerenga Malembo Oyera tisadabwe nazo izi. Suzana adanamiziridwa ndi akuluakulu awiri olemekezeka, ndipo khamu linali litavomera kale kuti aphedwe. Chidam'pulumutsa n'chakuti Danieli adalekanitsa mbonizo n'kuzifunsa payekhapayekha za mtengo umene zidati zidam'peza, mayankho awo n'kusiyana. Kumeneko ndiko kufunsa mboni kumene makhothi amachita lero. Tamara, mwana wa mfumu Davide, adagwiriridwa ndi mlongo wake Aminoni, nauzidwa kuti akhale chete poti ndi za m'banja. Bambo wake adakwiya koma sadaweruze, ndipo patapita zaka ziwiri Abisalomu adapha Aminoni. Kubisa mlandu ndi kubwezera ndi magazi ndi ana a mimba imodzi. Mpingo wathu womwe udalawa kuwawa kwa kubisa milandu yotere m'mayiko ambiri, n'chifukwa chake mu 2019 Papa Francisco adakhazikitsa lamulo lokakamiza ansembe ndi amzipani kuti azinena kwa akuluakulu a Mpingo akamva za nkhanza zotere. Tsono mkulu wa mphakati asagwiritse ntchito mawu oti chikhululukiro pofuna kutseka mwana pakamwa. Kukhululuka ndi mphatso imene wolakwiridwa amapereka mwa ufulu wake, pa nthawi yake, ndipo sikuchotsa mlandu kukhothi.

Nanga tichite chiyani? Mnzathu akatiuza kuti wachitidwa chipongwe, tim'mvetsere osam'funsa kuti adavala chiyani, ndipo tim'perekeze kuchipatala msanga, pakuti mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, komanso lipoti la dokotala ndi umboni wofunika. Tikanene ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, kapena tiimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mnzathu wina akanenezedwa, tim'letse kuthawira ku Tanzania, tim'letse kuopseza kapena kunyengerera banja lodandaula, tim'thandize kupeza woyimira pa mlandu, ndipo tim'tchinjirize ku gulu lolusa. Ngati tidaona kanthu, kaya kokomera wodandaula kaya woganiziridwa, tikanene m'khothi monga momwe tidaonera. Ndipo tisaponye mayina ndi zithunzi zawo pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa uthenga ukapita subwerera.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana wolira uja ndi wathu, mnyamata wonenezedwa uja ndi wathunso, ndipo onse awiri akuyenera kumveredwa pamalo pamene bodza lingathe kugwidwa. Amalume akadzatituma kukakoka mbuzi ya mtundu umenewu m'khola, tidzawayankhe mwaulemu kuti ulendo umenewo sitipita.

Mukhale ndi sabata yabwino, ndipo tikambirane nkhaniyi m'magulu athu Lamulungu likudzali.