Mayi akakhwima, mvetserani mawu ake

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mtsikana amalowa m'banja ali wamanyazi, woyankhula chogwada ndiponso motsitsa mawu. Koma akafika zaka 45 kapena 50, ana atakula, msambo ukusiya, mtima wake umasintha. Amafunsa komwe zapita ndalama za fodya ndi soya, amatsutsa chigamulo chokhota, ndipo saopanso kukana. Abambo ena amati ndi mwano. Anansi ena amafika ponong'onezana za ufiti.

Ife tikuti kumeneku ndi kukhwima. Katswiri wa za maganizo, Ravenna Helson, anatsatira moyo wa amayi ophunzira pa Mills College ku America kuyambira mu 1958, ndipo anapeza kuti pa msinkhu umenewu ambiri amayamba kudzidalira ndi kugamula zinthu mosakayika.

Makolo athu ankadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake unamkungwi sankaupereka kwa atsikana. Sinodi ya Nkhoma, yomwe mizu yake ili ku Mvera kumene amishoni anafika mu 1889, imadaliranso amayi otere monga alangizi ndi atsogoleri a Chigwirizano. Pa Tito 2:3-5, Paulo akupereka kwa amayi aakulu udindo wophunzitsa akazi aang'ono. Nanga wotsekedwa pakamwa angaphunzitse bwanji?

Inu amayi, kulimba mtima kwanu kusasanduke mkwiyo. Naomi anabwerera ku Betelehemu ali wowawidwa mtima, koma anatsiriza akulera Obedi. Inunso abambo, akuchikazi akayamba kuyankhula, khalani pansi mumvetsere. Akale anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma mabanja ambiri apasuka podikira kuti agonere.