Bala Silimva Belu la Sukulu

Pasukulu ya sekondale iliyonse m'dziko muno pali mfumu imodzi imene aliyense amaigwadira, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka mwana wa Fomu 1. Mfumu imeneyi ndi belu. Belu likalira timadzuka, likaliranso timalowa m'kalasi, ndipo likalira kachitatu timathamangira kukalandira nsima. Mwambo wotere ndi wabwino, pakuti sukulu yopanda dongosolo isanduka msika. Komabe pali chinthu chimodzi chimene sichidziwa kuti belu n'chiyani, ndicho bala la munthu amene wachitidwa opaleshoni. Bala limapola panthawi yake. M'nkhani ino ndikufuna kunena mosapsatira kuti sukulu zathu zambiri zimalakwira wophunzira amene wabwerako ku opaleshoni, ndipo kuti mchitidwe umenewu uyenera kutha.

Sindikunena zakumva ayi. Ndili mu Fomu 3 pasukulu ina yogonera komweko, m'mimba munayamba kundipweteka cha pamchombo. Pofika madzulo ululu unali utatsikira kumunsi cha kudzanja lamanja, thupi litatentha, ndipo chilichonse chimene ndinkadya chinkabwerera. Ena anati ndi malungo, ena anati ndikuzemba mayeso a masamu. Patapita masiku awiri ananditengera kuchipatala cha boma, kumene anapeza kuti kachiwalo kotchedwa apendikisi, kamene kamalendewera kumayambiriro kwa thumbo lalikulu, kanali katatupa ndipo kanatsala pang'ono kuphulika. Usiku womwewo anandilowetsa m'fiyeta.

Nditatuluka m'chipatala ndinakhala kunyumba masiku ochepa chabe, chifukwa bambo ankadandaula kuti fizi analipira kale ndipo anzanga akundisiya. Loweruka loyamba nditabwerera kusukulu inali nthawi ya ntchito zamanja. Pulifekiti anandiponyera chikwakwa. Ndinamupempha kuti, "Achimwene, ndikhululukireni, ine ndili ndi bala." Iye anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nati, "Iwe, nsima ukudya, kuyenda ukuyenda. Tchetcha!" Ndinakadandaula kwa aphunzitsi amene anali pantchito sabata imeneyo, koma anangondiuza kuti lamulo ndi la aliyense. Ndinatchetcha. Patangopita masiku atatu bala linatseguka mbali imodzi ndipo linayamba kutuluka mafinya. Ndinabwerera kuchipatala, ndipo masabata ena atatu a maphunziro anapita. Udzu umene ndinatchetchawo unali utameranso ine ndisanachire.

Cholakwa choyamba chagona pa umbuli. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amaganiza kuti achipatala akachotsa ulusi ndiye kuti munthu wachira. Zimenezi si zoona. Dokotala akamang'amba mimba sadula khungu lokha, koma amapyola mafuta, minofu ndi zimene zimakuta matumbo. Khungu limalumikizana msanga, n'chifukwa chake ulusi amauchotsa patatha masiku 7 mpaka 14. Koma m'kati ntchito imakhala itangoyamba kumene. Akatswiri a zachipatala amaphunzitsa kuti patatha masabata 3 bala limakhala ndi mphamvu yokwana pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 5 a mphamvu ya mnofu wosadulidwa. Pamafunika miyezi ngati 3 kuti lifike pa magawo 8 mwa 10, ndipo silibwereranso mwakale ndithu. Pa chifukwa chimenechi munthu wong'ambidwa pamimba amalangizidwa kuti asanyamule zolemera kwa masabata 4 mpaka 6. Akanyozera, malo osokedwawo akhoza kulekana m'kati, matumbo n'kuyamba kutukumula khungu, ndipo pamafunika opaleshoni ina. Tsono taganizirani: ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Mtsikana amene timamutuma kumjigo patangotha masabata awiri chichokereni m'fiyeta tikumuchitira chiyani?

Amene wathyoka fupa zake ndi zomwezo. Fupa la mwendo limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo wothyoka fupa la ntchafu nthawi zina amagona pabedi mwezi ndi theka mwendo uli chikokere ndi zitsulo. Akadzuka pamenepo minofu imakhala itafota, kotero kuti ayenera kuphunziranso kuyenda ndi ndodo. Mwana wotere akachedwa kufika pamzere m'mawa, kodi n'chilungamo kumugwaditsa pamodzi ndi amene anachedwa chifukwa chokonda tulo?

Cholakwa chachiwiri ndi kuiwala. Wophunzira akagonekedwa m'chipatala, sukulu imapitiriza ulendo ngati kuti palibe chachitika. Teremu imodzi imakhala ndi masabata oposera pang'ono 12, choncho amene wajomba masabata 6 wataya pafupifupi theka la teremu. Maphunziro ngati masamu ndi sayansi ali ngati khoma la njerwa: ukaphonya mzere wapansi, wapamwamba ulibe pokhala. Mwanayo akabwerera amapeza anzake ali patali, makope ake ali mbee, ndipo tsiku lomwelo amapatsidwa mayeso a zinthu zimene sanazimvepo. Akalephera, pa lipoti lake amalembapo kuti achite khama. Khama lotani? Thupi limene likumanga bala limagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, kawirikawiri magazi amakhala atachepa, ndipo mankhwala ena opha ululu amagonetsa. Mwana wosinza m'kalasi patatha sabata imodzi chichokereni m'wodi si waulesi. Thupi lake lili pantchito ina imene ife sitikuiona.

Ndikudziwa kuti alipo amene anganditsutse, ndipo mfundo zawo ndiyenera kuziyankha. Oyamba amati lamulo likayamba kukondera ena, ana onse adzayamba kunamizira matenda. Nkhawa imeneyi ili ndi pake, pakuti ana odwala mutu tsiku la mayeso tonse timawadziwa. Koma opaleshoni munthu sanganamizire. Chipsera chilipo, ndipo buku la kuchipatala limene wodwala aliyense amayenda nalo limasonyeza tsiku limene anagonekedwa, chimene anamuchita ndi malangizo amene anapatsidwa. Mphunzitsi amene wakana kutsegula bukulo sakuteteza lamulo, akungothawa ntchito yoganiza. Kuwonjezera apo, chilungamo sikusenzetsa anthu onse katundu wofanana. Ngakhale kumudzi, pa ntchito ya kumanda kapena yolambula msewu, nyakwawa siitana munthu amene wangodzuka kumene pamphasa. Kodi sukulu, kumene amaphunzitsa za thupi la munthu, ingapose mudzi pa kusadziwa?

Achiwiri amati aphunzitsi ndi ochepa, makalasi ndi odzaza, ndipo palibe amene angapeze nthawi yosamalira mwana mmodzi. Kuti aphunzitsi athu ali ndi chintchito chachikulu palibe angakane, makamaka m'sukulu zoyendera za m'midzi. Koma tiyeni tione zimene wodwalayo akupempha. Akupempha kuti asagwire chikwakwa kwa mwezi ndi theka. Akupempha bedi lapansi m'malo mwa lapamwamba ku hositelo. Akupempha mpando wapafupi ndi khomo, chilolezo chopita kuchipatala kukatsukitsa bala, ndi mwayi wolemba mayeso a m'kalasi patapita masabata awiri. Pa zonsezi, n'chiti chimene chikufuna ndalama? Chimene chikusowa si chuma koma mtima.

Achitatu amati njira yabwino n'kumuuza mwanayo kuti akhale kunyumba mpaka atachiriratu, kenaka adzabwereze kalasi. Nthawi zina matenda amakuladi kotero kuti palibe kuchitira mwina. Koma amene amafulumira kupereka uphungu umenewu sawerengera mtengo wake. Kubwereza kalasi ndi chaka chinanso chogula yunifolomu, makope ndi sopo, pabanja limene lagulitsa kale mbuzi kuti lipeze thiransipoti ndi chakudya cha mayi wodikirira wodwala. Mayeso a MSCE amalembedwa kamodzi pachaka, ndipo wowaphonya amadikira miyezi 12. M'miyezi imeneyo mnyamata amazolowera ganyu, ndipo mtsikana amayamba kumva abale akunong'ona za banja. Ambiri amene amauzidwa kuti akapume kaye sabweranso. Chimene chinayamba ngati bala la pamimba chimathera pa kutseka tsogolo la munthu.

Tisaganize kuti kuchitira chifundo mwana wotere ndi mphatso imene sukulu ingapereke kapena kumana mwakufuna kwake. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, amanena m'Gawo 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 23 limateteza ana ku ntchito kapena chilango chilichonse chimene chingaononge thanzi lawo kapena kusokoneza maphunziro awo, ndipo kuyambira m'chaka cha 2017 aliyense wosafika zaka 18 amawerengedwa kuti ndi mwana. Choncho wopereka chikwakwa kwa mwana wa bala laliwisi sakungosowa chisoni, akuphwanyanso lamulo loposa la sukulu yake. Ndiponso dziko lathu linasonyeza kale kuti limatha kusintha maganizo. M'chaka cha 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pakati azibwerera akachira. Bungwe la MANEB nalo limakonza mapepala a mayeso a zilembo za anthu osaona ndi ena a zilembo zikuluzikulu, pozindikira kuti olemba mayeso sali ofanana. Ngati zazikulu zotere zinatheka, chovuta n'chiyani kupatsa mwana bedi lapansi?

Achipatala akuchita mbali yawo. M'zipatala za m'maboma madokotala othandizira amachita maopaleshoni usana ndi usiku. Ku Blantyre chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2002, chimawongola mafupa a ana, ndipo m'chaka cha 2017 pachipatala cha Queen Elizabeth anatsegula nthambi ya Mercy James yochitira ana maopaleshoni. Ana amene kale akanamwalira kapena kulumala lero akubwerera kwawo akuyenda. N'zomvetsa manyazi kuti ntchito imene anthu aluso aigwira usiku wonse iphwasulidwe m'mawa umodzi wa Loweruka chifukwa cha udzu wa pabwalo la mpira.

Tsono tichite chiyani? Sukulu iliyonse ikhale ndi lamulo lolembedwa lakuti wophunzira wochokera ku opaleshoni azionetsa buku lake la kuchipatala kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo malangizo a dokotala azilengezedwa kwa aphunzitsi, kwa oyang'anira hositelo ndi kwa mapulifekiti onse. Mphunzitsi wa kalasi asankhe ophunzira awiri kapena atatu omulembera wodwalayo manotsi kuyambira tsiku limene wagonekedwa. Kukhitchini akumbukire kuti bala limamangidwa ndi chakudya: nyemba, usipa, mazira ndi nsinjiro zimamanga mnofu, pamene magwafa, malalanje ndi malambe zimathandiza kuti bala ligwirane msanga. Oyang'anira hositelo adziwe zizindikiro zoopsa, monga bala kufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena thupi kutentha, ndipo akaziona asadikire kuti belu lilire. Ngati mwanayo ali m'kalasi la mayeso a boma, mphunzitsi wamkulu adziwitse akuluakulu oyendetsa mayeso nthawi ikadalipo.

Makolo nawonso ali ndi mlandu. Kuthamanga sikufika. Bambo anga anandibweza msanga poopa kutaya masabata awiri, mapeto ake tinataya asanu. Funsani achipatala tsiku loyenera kubwerera kusukulu, ndipo mukamuperekeze mwanayo nokha kuti mukafotokoze pamaso pa aphunzitsi.

Ndipo iwe mnzanga amene uli ndi bala, usabise. Ndikudziwa kuti pa msinkhu wako palibe chowawa ngati kuoneka wofooka pamaso pa anzako, ndipo ena amachita manyazi ndi malo amene anang'ambidwa. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukamva kupweteka nena, ukapatsidwa ntchito yoposa mphamvu zako kana mwaulemu, ndipo akakukakamiza pita kwa wamkulu woposa amene wakutumayo. Nawenso usasandutse bala chobisalira. Werenga pang'ono mutu ukakhala bwino, funsa zimene unaphonya, ndipo dokotala akakumasula tenga chikwakwa chako ngati wina aliyense.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, chifukwa mapulifekiti amachokera pakati panu, ndipo aphunzitsi ndi anamwino a mawa ndinu nomwe. Matenda a apendikisi amakonda kugwira anthu a zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo ngozi ya njinga kapena ya pampira sisankha wanzeru kapena wamphamvu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzanu akabwerako kuchipatala, munyamulireni ndowa, mugawireni bedi lapansi, mubwerekeni kope lanu, ndipo wina akamuponyera chikwakwa, chitoleni ndinu. Udzu udzamera chaka ndi chaka, koma mwana wa munthu akataya sukulu kapena thanzi lake, palibe belu limene lingamuitanenso.