Madeya okha sakuza nkhuku

Nkhuku zambiri zofika pamsika wa Nambuma mu Okutobala zimakhala zopepuka, ukazigwira fupa la pachidali limabaya dzanja. Eni ake amati zachikuda zimatero. Ine ndikukana: nkhukuzo zimagona zitakhuta, koma zitakhuta madeya okha.

M'dzinja nkhuku imadzipezera yokha ziwala, ngumbi, nyongolotsi ndi msipu. Mvula ikatha, tchire likapsa, zonsezi zimasowa, ndiye timangoiwazira gaga m'mawa n'kumadikira mazira. Pa magawo 100 a madeya, chakudya chomanga thupi chimangokwana magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono. Thadzi loikira limafuna 16, anapiye mpaka 20. N'chifukwa chake anapiye amapinimbira, ndipo nkhuku za Mikolongwe, zomwe zimadya kwambiri kuposa zachikuda, zimatigwiritsa mwala.

Chondiwawa n'chakuti yankho timalima tokha. Kuchokera kwa Kabudula mpaka ku Nsaru soya ali m'minda yambiri, koma mu Epulo ndi Meyi timamukhuthulira yense pasikelo ya venda. Venda akagulitsa kumakampani a mumzinda wa Lilongwe, soya yemweyo amabwerera m'thumba la chakudya cha nkhuku pamtengo woti wakumudzi sangaufike. Chonsecho ndowa imodzi yotsala pakhomo ikanadyetsa nkhuku zochepa kwa miyezi ingapo, chifukwa nkhuku yoyenda imangofuna choonjezera.

Koma soya asaperekedwe wamuwisi, amayi ndi abambo. Ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba, ndipo zimatha ndi moto. Mukazingeni mpaka afiirire pang'ono osapserera, azizire, mukagayitse kuchigayo. Mukasakaniza kilogalamu imodzi ya soyayo ndi makilogalamu atatu a madeya, mwafika pamlingo wa thadzi loikira. Onjezani kamchere pang'ono chabe, ndi zikamba za mazira zootcha n'kusinja, kuti mazira asamatuluke ofewa.

Amene alibe soya asataye mtima. Fumbi la usipa lotsalira pansi pa dengu la wogulitsa ndi chakudya champhamvu. Chiswenso agogo ankachidziwa: mphika wakale wodzaza ndowe zouma ndi mapesi, kuwaza madzi, kuuvundikira pomwe pali chiswe, m'mawa anapiye adya. Masamba a chammwamba owumitsa pamthunzi amathandizanso.

Mtedza wokha ndiye ndichenjeze. Kuno timalima wambiri, ndipo wachuku uja tikasankha timaponyera nkhuku poti usatayike. Chuku chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo anapiye ndiwo amayamba kufa. Chimanga chowola n'chimodzimodzi. Zimenezi muzikwirira.

Chakudya sichilowa m'malo mwa katemera wa chitopa. Ameneyo funsani kwa alangizi a ziweto miyezi yotentha isanafike. Koma pokolola chaka chino, musanaitane venda, patulani ndowa imodzi ya soya. Imeneyo ndi ya nkhuku.